Bala Laling'ono

Anzanga ambiri pa sukulu pano akhala akundifunsa chimene chinandigwera m'chaka cha 2024, pamene ndinasowa m'kalasi kuyambira mwezi wa Febuluwale kufikira mwezi wa Meyi. Ena akaona kachipsera kamene kali m'nthiti mwanga, kunsi kwa khwapa la kumanja, amaseka nati, "Kodi kameneka ndiko kanakugoneka miyezi itatu?" Ine sindiwaimba mlandu ai, pakuti kachipserako n'kakang'onodi, ndipo ndikaikapo chala chachikulu kamabisika konse. Tsono popeza Akonzi a magazini yathu apempha kuti yense alembe chimene anachiona ndi maso ake, ndati ndilembe za kachipsera kameneka, kapena wina mwa inu adzathandizidwa nazo tsiku lina.

Kwathu ndi m'dera la Mfumu Wimbe, kum'mawa kwa boma la Kasungu. Dziko lake ndi lathyathyathya, kotero kuti munthu akaima pamtunda pafupi ndi mudzi wathu amaona phiri la Kasungu lili lokhalokha chakumadzulo, ndipo pakati ponsepo ndi minda ya fodya ndi chimanga. Bambo amalima fodya wa bale. Ndalama za fizi yanga, za yunifolomu, ngakhale za sopo amene ndimachapira kuno, zonse zimatuluka m'chigafa chawo. Ndayamba ndi kunena zimenezi chifukwa chigafacho chidzalowa m'nkhani yanga kutsogoloku.

Matenda anga anayamba ngati chimfine wamba. Ndinali mu Folomu 2, ndipo anali atangondilowetsa kumene m'timu ya mpira. Ndinayamba kutsokomola, thupi kutentha usiku, ndi kumva kubaya m'nthiti za kumanja ndikakoka mpweya. Koma ndinabisa zonsezi, chifukwa ndinkaopa kuti malo anga m'timu apatsa wina, ndiponso ndinkachita manyazi kuoneka wofooka pamaso pa anzanga. Ndinagula panado ndi kumameza mwakachetechete masiku 10. Tsiku lotsatira lake ndinalephera kufika ku holo yodyera, pakuti ndinali kuima paliponse, ndili wefuwefu ngati munthu wothawa njati. Mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa anakanena kwa aphunzitsi oyang'anira kogona. Tsiku limenelo ndinamkwiyira kwambiri, koma lero ndimthokoza.

Ku chipatala cha boma ku Kasungu anandigogoda m'chifuwa ndi zala. Mbali ya kumanzere inalira bwino ngati ng'oma, koma ya kumanja inalira ngati munthu akugogoda thumba la mchenga. Anandijambula m'chifuwa, nayezanso makhololo anga kuti aone ngati chinali chifuwa chachikulu, ndipo anapeza kuti sichinali chimenecho. Anati ndi chibayo chimene chakhalitsa mpaka chabala mafinya, ndi kuti mafinyawo achuluka, kotero ndiyenera kupita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Amayi anafika kuchokera kumudzi ndi kapoto, mbale ndi ufa m'kathumba, kuti akakhale gadiyani wanga. Tinadzera msewu wa M1, kupyola Chinkhoma, kuoloka Bua, kudutsa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, ulendo wa makilomita ngati 130, koma ine ndinaona zochepa chifukwa ndinali kuwerenga mpweya wanga.

Pano ndilongosole pang'ono za m'chifuwa, monga adokotala anandilongosolera, kuti nkhani imveke. Munthu ali ndi nthiti 12 mbali iliyonse, ndipo m'kati mwake muli mapapo awiri. La kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri. Phapo lililonse lakutidwa ndi nembanemba ziwiri, ina yomatirira ku phapo, ina yomatirira ku nthiti, ndipo pakati pa ziwirizi pali timadzi tochepa toti ziziterereka popuma. Chibayo chikachedwa kuchizidwa, madzi amachuluka pakati pamenepo, majeremusi nalowamo, madziwo nasanduka mafinya. Tsono popeza nthiti sizitanuka, mafinyawo amapanikiza phapo mpaka likwinyika ngati chibaluni chophwa. Ndicho chifukwa chake ndinali kubanika.

Ine ndinkayesa kuti adzanding'amba chifuwa chonse monga amachitira ndi mbuzi, ndipo usiku umenewo sindinagone ndi mantha. Koma sizinatero. Sanandigoneke n'komwe tulo. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi m'nthitimo, nacheka pang'ono pakati pa nthiti ziwiri, nalowetsa paipi ya pulasitiki yonenepa ngati chala, naimangirira ku khungu ndi ulusi kuti isazuke. Mbali ina ya paipiyo inatsikira m'botolo lalikulu lokhala ndi madzi oyera, limene analiika pansi pafupi ndi bedi. Nthawi yomweyo mafinya anayamba kutsika, ambiri ndithu, onunkha, mwakuti Amayi anatembenuka nayang'ana kukhoma. Pofika madzulo ndinakoka mpweya umene ndinali ndisanaukoke kwa masabata awiri, ndipo mumtima ndinati basi ndachira.

M'mawa mwake anadza anamwino achikulire, nandipeza nditadzipinda pabedi, nditagonera mbali yodwala, osafuna kugwedezeka chifukwa paipi inali kupweteka. Iwo anaima nandiyang'ana, nati, "Mwanawe, ife tatsiriza mbali yathu. Mafinya tawatsegulira njira, koma phapo lako sitingalifutukule ndi manja athu. Ulifutukula wekha. Dzuka." Mau amenewa ndinawamva ngati nkhanza. Ndinayang'ana Amayi kuti andilankhulire, koma iwo anangoti, "Wamva zimene anena anesi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinapatsidwa ntchito, ndipo inali ntchito yeniyeni. Yoyamba inali kupuma mozama. Ora lililonse ndili maso ndinayenera kukhala tsonga, kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno mpaka nthiti za m'munsi zitambasuke, kuusunga kwa kamphindi, ndi kuutulutsa mosafulumira, kutero kakhumi. Anandipatsanso kabotolo kena ka madzi ndi kapaipi koyera, kuti ndiziuziramo mpaka madzi achite thovu, monga amachitira ana poseweretsa madzi ndi phesi la papaya. Ntchito yachiwiri inali kutsokomola dala. Imeneyi ndiyo inali yowawa koposa, koma anandiphunzitsa kupinda chitenje cha Amayi, kuchikanikiza pabala ndi mkono, ndi kutsokomola mwamphamvu kuti makhololo atuluke. Anati makhololo akakhalira m'phapo losatambasuka, chibayo chimabweranso.

Ntchito yachitatu inali kuyenda. Ndinkanyamula botolo langa la mafinya m'dzanja, ndi kuyenda nalo m'wodi kuchokera ku bedi langa kukafika kuchitseko, tsiku lina kukafika pakhonde, tsiku linanso kuzungulira khonde lonse. Anati kugona chigonere kumafooketsa mapapo, ndipo kungathe kuumitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Lamulo la botolo linali limodzi, ndipo analibwereza tsiku ndi tsiku: lisakwere kuposa chifuwa, lisagwe, ndipo paipi isapindike. Chifukwa chake n'chakuti nsonga ya paipi imakhala yomizidwa m'madzi masentimita awiri. Mpweya ndi mafinya zimatha kutuluka, koma mpweya wa kunja sungabwerere m'chifuwa chifukwa madzi atseka njira. Ukakweza botolo, zonyansa zibwerera kumene zachokera. Ndinaphunzira kuyang'ana madzi a m'paipi akukwera ndi kutsika pamodzi ndi mpweya wanga, chimene chinali chizindikiro chakuti njira njotseguka. Ntchito yachinai inali kukweza mkono wa kumanja, kuyendetsa zala pakhoma kukwera nazo m'mwamba, kuti phewa lisaume ndi kuti ndisazolowere kuyenda chopendekeka.

Chinthu china chimene ndinalakwa poyamba ndi mankhwala opha ululu. Ndinkayesa kuti mwamuna weniweni amapirira, ndipo ndinkabisa mapiritsi pansi pa mtsamiro. Anamwino aja atawapeza sanandikalipire, koma anandifunsa kuti, "Kodi munthu amene akumva kupweteka amapuma mozama?" Ndinati ai. "Nanga amatsokomola?" Ndinatinso ai. "Tsono kupirira kwakoko kukuthandiza yani, iwe kapena mafinya?" Ndinasowa choyankha. Kuyambira pamenepo ndinkamwa pa nthawi yake, ndi kuchita ntchito ya kutsokomola mankhwala atayamba kugwira.

Pa chipatalacho pamabwera ophunzira za udokotala, ndipo tsiku lina adokotala akulu anaima nawo pa bedi langa nawaphunzitsa za botolo. Ine ndinatchera khutu, ndipo pobwerera ku sukulu ndinafunsanso aphunzitsi athu a Biology ndi kuwerenga. Ndinapeza kuti nzeru yomiza paipi m'madzi njakale: dokotala wina wa ku Hamburg m'dziko la Germany, dzina lake Gotthard Bülau, anachiza nayo munthu wa mafinya a m'chifuwa m'chaka cha 1875. Pambuyo pake, m'chaka cha 1910, dokotala wa ku Stockholm m'dziko la Sweden, Hans Christian Jacobaeus, analowetsa kachida kokhala ndi nyali pakati pa nthiti za munthu wamoyo, nasuzumira m'chifuwa osaching'amba. Kuyambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, madokotala a m'maiko ambiri amachita opaleshoni zazikulu za m'chifuwa kudzera m'timabowo titatu, tiwiri, kapena kamodzi kokha. M'kabowo kena amalowetsa kamera, m'tina zida zazitali zopyapyala, ndipo amagwira ntchito akuyang'ana pa kanema. Motero amatha kupala mafinya ouma, ngakhale kuchotsa chigawo chathunthu cha phapo. Odwala otere samva ululu wochuluka ngati wa ong'ambidwa chifuwa, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala patapita masiku ochepa. Koma chimene chinandidabwitsa ndi ichi: iwonso amadzuka ndi paipi m'nthiti, ndipo amapatsidwa ntchito zomwezo zimene anandipatsa ine, kupuma mozama, kutsokomola, kuyenda, kukweza mkono, kupewa utsi ndi katundu wolemera. Iwo amauzira m'kachida ka pulasitiki kokhala ndi timipira, ine ndinkauzira m'botolo la madzi. Makina achepetsa bala, koma sanachepetse ntchito ya mwini chifuwa. Ndipo popeza wodwala amapita kwawo msanga, ntchito yambiri imakamgwera ali yekha kumudzi.

Paipi inakhala mwa ine masiku 9. Mafinya atasiya kutuluka, ndi chithunzi chitaonetsa kuti phapo latambasuka, anaizula, namanga bala. Potuluka anandipatsa mapiritsi opha majeremusi a masabata anai, nandiuza kuti ndimwe onse ngakhale nditamva bwino. Bala ndilisunge louma ndi laukhondo. Ndikachotsetse ulusi ku chipatala cha kwathu. Ndisanyamule cholemera kwa masabata 6. Ndipo nditalikire utsi ndi fumbi. Anatinso ndikaona thupi likutentha, kapena kubanika, kapena bala likufiira ndi kutuluka mafinya, kapena magazi m'makhololo, ndisadikire kuti kuche kawiri. Ndinavomera zonse ndi mutu, mtima uli kale kumudzi.

Ndinafika kwathu mwezi wa Malichi. Chaka chimenecho mvula inadukiza pakati, chimanga chathu sichinachite bwino, ndipo maso a banja lonse anali pa fodya. Chigafa chinali chodzaza ndi masamba osokedwa, opachikidwa pa mikangala, ena atafiira kale. Nthawi yosankha fodya ikafika, pakhomo sipakhala munthu wongokhala. Bambo, Amayi, mlongo wanga ndi amalume ankalowa m'chigafa kusanache, pamene masamba ali ofewa ndi mame, nasankha tsamba lililonse monga mwa mtundu wake, utali wake ndi maonekedwe ake. Ndalama za ulendo wa ku Lilongwe zinali zangongole, ndipo msika wa ku Chinkhoma unali kuyembekezeka kutsegulidwa mwezi wa Epulo. Ine ndinali kukhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wamkulu ndithu, ndikuuzira thovu m'botolo.

Sabata yoyamba anthu ankabwera kudzandizonda ndi chisoni. Koma ulusi utachotsedwa, anayamba kupempha kuona bala, ndipo akaliona nkhope zawo zinkasintha. Amalume anati, "Mphwanga, ine ndinkayesa kuti anakung'amba. Bala ili n'chimodzimodzi ndi limene ndinadzitema ndi chikwakwa chaka chatha, ndipo m'mawa mwake ndinali kumunda." Anyamata anzanga popita kudimba ankandifuulira kuti, "Bwana wa sekondale, uzirani bwino madziwo asapse!" Bambo sananene kanthu, koma ndinkawaona akutuluka m'chigafa madzulo, msana utapindika, akuwerenga mabelo ndi zala. Kukhala chete kwawoko kunandilasa koposa mau a amalume.

Pamenepo ndinachita zopusa ziwiri. Choyamba, popeza thupi linali litazizira ndipo mapiritsi ankandinyansitsa m'kamwa, ndinaleka kumwa, atatsala a masiku 10. Ndinawabisa kudenga, ndi kumauza Amayi kuti ndamwa. Chachiwiri, tsiku lina Bambo atapita kukafuna ziguduli zomangira mabelo, ndinalowa m'chigafa. Amene sanasankhepo fodya sadziwa fumbi lake. Ndi losalala, loyabwa kukhosi, ndipo limamatirira m'mphuno ndi m'zovala. Ndinagwira ntchito tsiku lonse ndikutsokomola. Chakumadzulo amalume anali kudinda belo ndi jeke, ndipo litatha anafuna wowathandiza kulisuntha. Belo la fodya limalemera koposa munthu wamkulu. Ndinagwira mbali imodzi, ndipo pokweza ndinamva ngati wina wandilasa ndi mkondo pa bala pomwe paja. Sindinauze munthu. Ndinamva kukoma mumtima kuti tsiku limenelo ndadya nsima ya thukuta langa.

Patapita masiku atatu thupi linatentha usiku, ndipo ndinanjenjemera mpaka mano kugundana. Kubaya kuja kunabwerera. Amayi anafunsa za mapiritsi, ndipo mlongo wanga, amene anandiona ndikubisa, anaulula. Kusanache Bambo anabwereka njinga yamoto, nandikweza pakati, mpaka ku boma. M'njira monse sanalankhule. Atandijambulanso, adokotala anati madzi ayambanso kusonkhana pansi pa phapo, koma mwamwayi ndafika msanga, paipi siifunikanso. Anandigoneka masiku anai ndi kundibaya jakisoni, nandiyambitsanso mapiritsi. Anandilongosolera kuti malungowo anadza chifukwa chosiya mankhwala, pakuti majeremusi a m'mafinya safa msanga, ndipo otsala amachulukananso. Fumbi linakwiyitsa njira za mpweya, ndipo belo linakoka minofu ya pakati pa nthiti imene inali isanalumikizane bwino. Pomaliza anati, "Khungu limapola m'masabata awiri, koma m'kati mumatenga nthawi yaitali. Iwe wakhulupirira khungu."

Masiku anai amenewo anatidyera ndalama zina, ndipo ntchito ya m'chigafa inaima chifukwa Amayi anali nane. Ine amene ndinafuna kuthandiza ndinabwezera banja m'mbuyo. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo ine anandikomera ndili pabedi la chipatala kachiwiri.

Titabwerera kumudzi ndinayembekeza kuti Bambo andikalipira. Koma iwo anangondiitana madzulo, tili awiri, atatenga tsamba la fodya m'dzanja. Anati, "Taligwira ili. Lauma kapena ai?" Ndinaligwira, ndipo linali lofiira bwino, lolira tswatswa. Ndinati, "Lauma, Bambo." Iwo anapinda mtsempha wa pakati pa tsambalo, ndipo sunathyoke, unangopindika. Anati, "Waona? Tsamba limauma msanga, koma mtsempha umachedwa. Mlimi wopupuluma akadinda fodya wotere, belo limatentha m'kati, limachita chuku, ndipo ku okushoni amalibweza. Wataya fodya, wataya ndalama ya galimoto, wataya chaka. Ine ndakhala ndikudikira mtsempha wa fodya zaka zonsezi. Ndingalephere kudikira mwana wanga?" Ndinafuna kuyankha, koma kukhosi kunatsekeka. Ndipo anaonjeza kuti, "Kukhala chete kwanga sikunali kukuda ai. Ndinali kuwerenga ngongole. Ukafuna kundithandiza, chira."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyesa kuchira kwanga ngati munda umene ndapatsidwa kulima. Ndinatenga kope langa lakale la masamu, ndi kulemba mizere. Tsiku lililonse ndinkachonga mapiritsi amene ndamwa, pamaso pa mlongo wanga, amene ndinamuika kukhala kapitao wanga. Ndinkachonganso maulendo amene ndapuma mozama ndi kuuzira m'botolo. Ndinkalemba pamene ndafika poyenda: sabata yoyamba pa mjigo, yachiwiri pa tchalitchi, yachitatu pa sukulu ya pulaimale, ndipo ndinkaonjezera pang'ono tsiku lililonse, osathamanga. Ndinkawerenga mpweya wanga pa mphindi imodzi ndi wotchi ya pa foni ya Bambo, popeza adokotala anati munthu wamkulu wopumula amapuma kuyambira ka 12 kufikira ka 20. Ndinasiya kukhala m'khitchini pophika, ndi kuotha moto wa nkhuni zaziwisi, ndipo agogo akayatsa chingambwe chawo ndinkasuntha mwaulemu kukakhala kochokera mphepo. Amayi ankandipatsa phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, nyemba, mazira ndi usipa, chifukwa thupi limene lataya mafinya ambiri limasowa chakudya chomanga minofu, ndipo ine ndinali nditaonda mpaka buluku kumagwa.

Ntchito ya fodya nayo inapezeka yondiyenera. Bambo anandiika pa kampando kunja, kutali ndi khomo la chigafa, nandipatsa buku. Iwo ankafuula mtundu wa fodya ndi kulemera kwa belo, ine ndinkalemba, ndi kuwerengera ngongole, mtengo wa ziguduli ndi wa galimoto yopita ku Chinkhoma. Mapepala a ku msika atabwera, ndine ndinawawerengera zimene zadulidwa ndi zimene zatsala. Amalume, amene aja anafanizira bala langa ndi la chikwakwa, anabweretsanso mapepala awo kuti ndiwaonere. Sitinalemere chaka chimenecho, koma ngongole inabwezedwa, ndipo fizi ya chigawo chachitatu inapezeka.

Mwezi wa Meyi ndinapitanso ku boma kukajambulitsa, nditanyamula kope langa lija. Adokotala analitsegula, naseka, naitana anzawo kuti adzaone. Chithunzi chinaonetsa phapo lotambasuka, kungotsala kachipsera pang'ono m'munsi mwake. Anandilola kubwerera ku sukulu, ndipo ndinalemba mayeso a JCE pamodzi ndi anzanga. Mpira ndinauyambanso chigawo chotsatira, kuyambira ndi kuyenda mozungulira bwalo pamene anzanga akuthamanga. Malo anga m'timu anali atapatsidwa wina, ndipo kufikira lero sindinawalandenso. Ndinabisa matenda kuti ndisunge malowo, ndipo kubisako ndiko kunandilanda.

Tsono anzanga, ndisanatsirize ndikupempheni zinthu zitatu. Choyamba, chifuwa chobwera ndi kutentha thupi ndi kubaya m'nthiti musachibise ndi panado. Nenani msanga, pakuti chibayo chogwidwa msanga chimachizika ndi mankhwala okha popanda paipi. Mukaona mnzanu akubisa, kaneneni ngakhale akukwiyireni. Chachiwiri, wina wa inu kapena mbale wanu akadzachitidwa opaleshoni ya m'chifuwa, kaya ya paipi monga ine, kaya ya timabowo ndi kamera, adziwe kuti tsiku lotuluka m'chipatala si tsiku lochira. Ndi tsiku limene adokotala amtula katundu kuti asenze yekha. Apume mozama, atsokomole, ayende, amalize mankhwala, adye bwino, atalikire utsi ndi fumbi, ndipo akaona chizindikiro choipa abwerere ku chipatala tsiku lomwelo. Chachitatu, musayeze matenda a munthu ndi kukula kwa bala lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri a ife tichokera m'midzi ya fodya kumene munthu amayamikidwa ndi mphamvu za manja ake, ndipo mau amodzi onyoza angathe kudzutsa wodwala pamphasa nthawi yake isanakwane, monga anandidzutsira ine.

Kope lija ndikali nalo m'sutikesi mwanga. Amene afuna kuliona abwere ku hositelo madzulo titatha kuwerenga, ndidzamuonetsa pamodzi ndi kachipsera, koma asaseke.

Wa Folomu 3